Ntchito Mazana Asanu za ku Tadikira

Talotani, inu owerenga: Mfumu Mwinizonse Wachitatu ya dziko la Zidzatheka itatulutsa thumba la ndalama loti libale ntchito mazana asanu m'tauni ya Tadikira, kodi lero ndi anthu angati amene amadzuka m'mawa kupita kuntchito chifukwa cha thumbalo, nanga ntchito yake ndi yotani? Musathamangire kuyankha. Mayi Nasibeko, mwini shedi yokhomera zidebe pamsika wa Tadikira, anathamangira kuyankha, ndipo mumva zimene zinawaonekera.

Nkhaniyi inayambira m'galimoto. Tsiku lina mfumu inali pa ulendo wokatsegulira mlatho umene inali itautsegulira kale kawiri, ndipo njira yake inadzera ku Tadikira. Itasuzumira pawindo, inaona amuna ambirimbiri atakhala m'makonde a masitolo, ena atatsamira mitengo, dzuwa lili paliwombo. Mtima wa mfumu unadzaza ndi chimwemwe.

"Taonani mmene anthu anga amandikondera," inatero mfumu. "Kodi ayamba nthawi yanji kundidikira?"

A Kalankhule, Nduna ya Mwayi ndi Chiyembekezo, anaomba m'manja katatu monga mwa mwambo. "Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi, Mwinizonse. Anakhala pansi tsiku limene fakitale ya thonje inatsekedwa."

Mfumu inapitirira kukatsegulira mlatho uja. Itabwerera ku Lonjezo, likulu la dzikolo, inaitanitsa nduna zake zonse makumi anayi ndi ziwiri, ndipo zinakambirana masiku atatu. Tsiku loyamba nduna ina inapempha kuti mawu akuti "ulova" aletsedwe ndi lamulo, pakuti chinthu chopanda dzina sichingavutitse munthu. Tsiku lachiwiri nduna ina inati makonde onse a masitolo agwetsedwe kuti amunawo asowe pokhala. Tsiku lachitatu a Kalankhule anaimirira, n'kukonza tayi, n'kupereka maganizo a thumba. Nduna zonse zinavomereza nthawi yomweyo, pakuti thumba ndi chinthu chimene nduna iliyonse imadziwa kanyamulidwe kake.

Lamulo linawerengedwa pawailesi katatu pa tsiku: "Ife, Mwinizonse Wachitatu, mwini mvula ndi dzuwa, tikulamula kuti ulova uthe. Dera lovutika kuposa madera onse lidzalandira thumba lobala ntchito mazana asanu chaka chilichonse. Koma pofuna kuteteza chuma cha ufumu kwa anthu onamizira kuvutika, dera lililonse lidzayamba layezedwa ndi Oyeza Umphawi, ndipo lopambana lidzapatsidwa chiphaso cha mavuto."

Mayi Nasibeko analimva lamuloli pa kawailesi kamene kankalendewera pamsomali m'shedi mwawo. Shediyo inali kumapeto kwa msika, moyang'ana msewu waukulu, ndipo anaisiya ndi malemu amuna awo. Inali ya nsanamira zisanu ndi imodzi ndi denga la malata ozimbirira, koma munali chinthu chimene chinali chitasowa m'tauni yonseyo: phokoso la ntchito. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo nyundo zinkalira pa chidutswa cha njanji, ndipo pakhomo pankandandalikidwa ndowa, mbaula ndi makheni othirira kudimba. Antchito anali atatu. Panali Lufeyo ndi Filimoni, aliyense ndi mkazi ndi ana, komanso a Kadzombe, mkulu wake wa malemu aja, amene anali atakhoma zidebe zaka makumi atatu.

"Alamu, mwamva?" anafuula Mayi Nasibeko. "Thumba limeneli ndi lathu. Ngati kuvutika kuli ndi mpikisano, Tadikira sangatenge nambala yachiwiri. Ndigula makina opindira malata, ndipo muno mukhala anthu khumi."

A Kadzombe sanasiye kukhoma. "Ndamva, alamu. Ine ndinayamba kumva nthawi ya Mwinizonse Woyamba. Makutu angawa ndi olemera kwambiri. Matumba a buluku okha ndiwo sanamvepo kanthu."

"Inu mukanakhala mlaliki, tchalitchi chikanatsekedwa."

"Chikanatsekedwa, koma popanda wonamizidwa."

Tsono ku Tadikira kuli mwambo umene munthu amayamwira kubere: mlendo salandiridwa pabwalo losasesa, ndipo sabwerera ndi njala, ngakhale ana a pakhomopo agone ndi madzi okha. Uthenga utafika woti Oyeza Umphawi abwera Lachinayi, palibe amene anaganiza kawiri. A Chipwaila, wapampando wa komiti ya msika, anagawa ntchito. Amayi anasesa msika wonse mpaka kuseri kwa zimbudzi. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu. Mipando inabwerekedwa kutchalitchi, nsalu za patebulo kusukulu, ndipo aliyense anavala zovala zimene amasungira maliro ndi ukwati. Mayi Nasibeko anapha tambala wawo mmodzi yekhayo, n'kupukuta mbaula yatsopano yoti ikhale mphatso ya alendo.

Oyezawo anabwera atatu, ali ndi tepi, sikelo ndi buku lalikulu. Anasamba m'manja madzi ofunda, anadya mpunga ndi nkhuku, anageya, anayeza apa ndi apo, n'kukwera galimoto mbaula ili pamiyendo.

Patapita sabata ziwiri wailesi inalengeza zotsatira. Tadikira anali atalephera. Lipoti linati: "Anthu a kumeneku amadya mpunga ndi nkhuku pakati pa sabata, amavala bwino, amapereka mphatso, ndipo pamsika pawo pamamveka phokoso la anthu ogwira ntchito." Dera lopambana linali la Kwamipanda, kumene kumakhala nduna ndi abale awo. Kumeneko Oyeza anagogoda pazipata tsiku lonse popanda wowatsegulira, sanapatsidwe ngakhale madzi akumwa, ndipo sanaone munthu ndi mmodzi yemwe akugwira ntchito. Analemba kuti umphawi wa kumeneko ndi woopsa, moti anthu akuchita manyazi kutuluka m'nyumba.

"Tambala wanga," anatero Mayi Nasibeko, atagwira m'chiuno. "Wafera kutichotsera thumba."

"Anafa imfa ya msilikali," anatero a Kadzombe. "Kungoti ankamenyera mbali ya adani."

Chaka chotsatira anthu a ku Tadikira anali atachenjera. A Chipwaila anaitanitsa msonkhano pakati pa msika n'kukwera pa kreti ya mabotolo.

"Abale anga, chaka chatha tinaluza chifukwa cha ulemu. Chaka chino ulemu tiusiye m'nyumba. Kuyambira lero tsache lisakhudze pansi. Mlendo akabwera, osamupatsa moni, osamupatsa mpando, osamupatsa madzi. Ndipo inu Mayi Nasibeko, nyundo zanu zija ndizo zinatipachika. Zikhale chete mpaka alendo atadutsa."

"A wapampando, alimi a kudimba andiuza kuti ndiwakhomere makheni makumi anayi mwezi uno usanathe. Nanga anthu atatuwa adya chiyani?"

"Ndi sabata imodzi yokha, mayi. Kodi anthu atatu angapose anthu mazana asanu?"

Khamu lonse linatembenuka kuwayang'ana. Munali amuna aja a m'makonde, amene mabuluku awo anali atatha kumbuyo chifukwa chokhala. Mayi Nasibeko anaganiza za makina opindira malata, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Tsiku lomwelo ananyamula nyundo, sizasi yodulira malata ndi chidutswa cha njanji, n'kukazibisa pansi pa bedi.

Sabata imodzi ija inabala zinzake zinayi, chifukwa galimoto ya Oyeza inali itabwerekedwa ku ukwati wa mphwake wa nduna. Alimi a kudimba anadikira, anatopa, n'kukagula makheni kwina. Zinyalala pamsika zinafika m'mawondo, ndipo amayi ena ankadzuka m'mamawa kukasesa kuseri kwa nyumba mobisa, ngati anthu ochita zoletsedwa, chifukwa manja ankawayabwa.

Tsiku loyeza litafika, Mayi Nasibeko ndi a Kadzombe anakhala pansi kutsogolo kwa shedi yopanda kanthu. Mkulu wa Oyeza, bambo wa thukuta lambiri, anaima patsogolo pawo n'kudzipepesa ndi buku.

"Mayi, tipatseniko madzi akumwa."

Miyendo ya Mayi Nasibeko inayamba kudzuka yokha, monga inazolowera chibadwire. A Kadzombe anaponda nsonga ya chitenje chawo. Mayiwo anakhalanso pansi, n'kuyang'ana kumbali.

"Madzi kulibe," anatero. Pa moyo wawo wonse anali asanamanepo munthu madzi, ndipo anamva ngati malemu mayi awo akuwayang'ana kuchokera kumanda.

Mkuluyo anamwetulira n'kulemba m'buku. Kenaka maso ake anagwera pa manja a a Kadzombe. Anawagwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kusisita chikhatho chimene chinali cholimba ngati chikopa cha ng'ombe.

"Madala, manja awa ndi a munthu wogwira ntchito."

Msika wonse unasiya kupuma. A Chipwaila anatseka maso.

"Ayi, bwana," anatero a Kadzombe modekha. "Kumeneku ndi kuombera m'manja mfumu. Ndinayamba ndili mnyamata, sindinaphonyepo tsiku."

Mkulu wa Oyeza anavula chipewa. Anafunsa dzina lawo, n'kulilemba ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake n'kuwonjezera kuti: "Nzika yokhulupirika kuposa zonse zimene taziyeza."

Ulendo uno Tadikira anapambana. Chiphaso cha mavuto chinabwera m'felemu yagolide, ndipo anthu anapha mbuzi ziwiri kukondwerera kuti boma lavomereza kuti alibe kanthu.

Mayi Nasibeko sanachedwe. Anavala chilundu chawo chabwino n'kukwera basi ya ku Lonjezo, kukapempha gawo lawo ku ofesi ya Thumba. Atadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, anaitanidwa ndi kalaliki wovala magalasi amene anali ndi mafomu a mitundu isanu ndi iwiri.

"Mumachita chiyani, mayi?"

"Ndimakhoma zidebe ku Tadikira. Ndili ndi antchito atatu, ndipo ndikufuna makina kuti akhale khumi."

Kalalikiyo anayang'ana kukhomo, n'kuweramira kutsogolo. "Mayi, tsitsani mawu. Lipoti ili, losainidwa ndi Oyeza atatu, likuti ku Tadikira kulibe munthu wogwira ntchito. Kodi mukufuna kunena kuti Oyeza a mfumu ananama?"

"Ayi, achimwene, kungoti tinangoimitsa pang'ono..."

"Musamalize. Mukamaliza ndiyenera kulemba, ndipo ndikalemba chiphaso chija chibwerera kuno mawa. Komanso thumba ili ndi la ntchito zatsopano. Yanuyo ndi yakale."

"Nanga ndichite chiyani kuti ikhale yatsopano?"

"Muyambe mwakhala opanda ntchito mwadongosolo, inu ndi anthu anuwo. Fakitale ikamangidwa, mudzakhala oyamba kulembedwa."

"Fakitale yopanga chiyani?"

"Zimenezo komiti ikukambirana. Koma malo ake apezeka kale." Anatambasula mapu a msika wa Tadikira, n'kuloza pamene panazunguliridwa ndi inki yofiira. "Apa. Lipoti likuti pali kashedi kopanda mwini, ndipo payang'ana msewu, moti mfumu ikamadutsa izidzaona chitukuko osatsika m'galimoto."

Mayi Nasibeko anayang'anitsitsa mzere wofiirawo. Akanati kashediko kali ndi mwini, Tadikira yense akanataya thumba, ndipo iwo akanakhala mayi amene anadyera anthu mazana asanu ntchito zawo. Anathokoza kalalikiyo mwaulemu n'kutuluka.

Shedi anaigwetsa okha, pamodzi ndi antchito awo, kuti nsanamira zisathyoke. Imeneyo inali ntchito yomaliza imene anaigwira anayi. Lufeyo anatenga banja lake kupita kukakhala tenanti kuminda ya fodya. Filimoni anabwereka njinga n'kupita ku Lonjezo kukachita kabaza. A Kadzombe anayenda mapazi makumi awiri okha, n'kukapempha malo pakhonde la sitolo.

"Sunthani, anyamata," anatero. "Ndabwera kudzalimbikitsa lipoti."

Thumba lija linanyamuka ku Lonjezo likunyamulidwa ndi amuna anayi, koma njira ya ku Tadikira ndi yaitali. Linayamba laima kuhotela ina, kumene akuluakulu anachita msonkhano wa sabata ziwiri pa mutu wakuti "Kodi Ntchito N'chiyani?" Kenaka linaperekeza nduna zisanu ndi zitatu kumaiko a kutsidya kwa nyanja, kukaona ndi maso mmene anthu ogwira ntchito amaonekera. Litabwerako linagula nsalu zokhala ndi nkhope ya mfumu, mafuta a galimoto makumi atatu, mwala wa maziko ndi chikwangwani. Pofika ku Tadikira linali litachepa thupi, moti a Kalankhule analiika m'thumba la malaya, pamodzi ndi mpango.

Tsiku lokhazikitsa ntchito linali lalikulu. Anthu analoledwa kusesanso, ndipo anasesa ndi mkwiyo wa miyezi isanu. Mayi Nasibeko anapatsidwa nsalu n'kuikidwa pamzere wa amayi ovina, pamalo penipeni pamene kale pankakhala chidutswa chawo cha njanji.

"Anthu anga a ku Tadikira!" inafuula mfumu. "Munandidikira zaka khumi ndi zitatu, ndipo lero ndafika. Agogo anga anakupatsani thonje. Bambo anga anakuchotserani thonje kuti mupume. Ine ndikukupatsani ntchito, zochuluka moti ena mwa inu mudzadandaula. Ndauzidwa kuti pamalo pano panali tchire lokhalokha. Kuyambira lero pakhala phokoso la nyundo!"

Anthu anaomba m'manja, ndipo a Kadzombe anaomba koposa onse, popeza mkulu wa Oyeza ankawayang'ana. Mfumu inaika mwala, n'kukoka chingwe. Nsalu inagwa, chikwangwani chinaonekera: chachikulu ngati khoma la nyumba, nkhope ya mfumu ikumwetulira, pansi pake mawu akuti PANO PAKUBWERA NTCHITO 500.

Ena onse ankaona nkhopeyo. Mayi Nasibeko ankaona lata. Linali lata lochindikala, losalala, lopanda dzimbiri, la mtundu umene unasiya kupezeka m'masitolo a ku Zidzatheka. Anamva zala zawo zikuyabwa.

"Alamu, mwaliona?" ananong'oneza.

"Ndaliona. Ndaonanso mitengo yake. Ndi ya bulugamu wamuwisi, yosapaka mankhwala. Chiswe chalandira thumba lake."

Galimoto zinapita. Mvula inabwera, n'kupita. Pamalo a fakitale panamera udzu wofika m'chiuno, ndipo mbuzi zinapeza kuti mwala wa maziko ndi wabwino kukandirapo msana. Mayi Nasibeko ankagulitsa mandasi, amene sankawadziwa kuphika kwake, ndipo nyundo zinali zidakali pansi pa bedi, pakuti ndalama yogulira malata inali itapita kumimba.

Tsiku lina la msika, masanasana, kunabwera kamvulumvulu. Anazungulira pa matebulo a tomato, anakweza mapepala m'mwamba, n'kukankha chikwangwani. Mitengo ija, imene mkati mwake munatsala dothi lokha, inagonja mwaulemu. Mfumu inagwa chafufumimba m'udzu.

Anthu anasonkhana mozungulira.

"Ntchito zija zafika pansi tsopano," anatero mayi wina wogulitsa usipa.

"Tizitole?" anafunsa wina. "Kapena tidikire fomu?"

Mayi Nasibeko anagwada, n'kuyamba kuyeza latalo ndi chikhatho, milomo ikuwerenga. "Makheni khumi ndi awiri, ndi mbaula zitatu."

"Alamu," anatero a Kadzombe, "kuseri kwa lata limenelo kuli nkhope ya Mwinizonse."

"Ikhala mkati. Dzuwa silidzaiwotcha."

A Chipwaila anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita mbali ina ya msika. Amuna asanu ndi mmodzi anadzuka pakhonde, n'kunyamula latalo pamapewa mpaka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya Mayi Nasibeko, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuwapatsa njira. M'mawa mwake nyundo zinalira ku Tadikira koyamba m'chaka chathunthu. Anthu ena ankaima panjira kungomvetsera.

Makheniwo anatha tsiku limodzi. Mlimi wina anabwerera kudzanena kuti akasuzumira m'kheni mwake amaona diso la mfumu likumuyang'ana, ndipo chiyambireni sanajombepo kuthirira. Amene anapeza kheni yokhala ndi mano a mfumu anawonjezera ndalama mwa kufuna kwake.

Unduna utamva kuti chikwangwani chasowa, unachita changu chimene sichinaonekepo. Fakitale ikhoza kudikira, koma mfumu inali pafupi kukatsegulira mlatho uja kachinayi. Pasanathe sabata, chikwangwani chachiwiri chinaimikidwa, cha lata lomwelo, pa mitengo ya bulugamu yomweyo. Chimenechi chinagwa patangotha mwezi umodzi. Anthu a pamsika anachitira umboni kuti chinali chiswe, ngakhale ena anavomereza kuti chiswe cha chaka chimenecho chinkayenda ndi sowo.

Mayi Nasibeko anayambanso kulota. Anatumiza uthenga kwa Filimoni kuti abweze njinga ya eni ake, ndi kwa Lufeyo kuti akamaliza kupanga fodya abwere. Anawerengera kuti unduna ukamaimika chikwangwani mwezi uliwonse, anthu atatu aja adzakhala pantchito chaka chonse, mwinanso n'kuwonjezera wachinayi.

"Thumba lija likubala ndithu," anauza a Kadzombe. "Kungoti likubalira kumsana."

Koma nkhani inafika kubwalo la mfumu. Mwinizonse anafunsa chifukwa chimene nkhope yake inkasowera ku Tadikira, ndipo a Kalankhule anaomba m'manja katatu.

"Ndi chikondi, Mwinizonse. Anthuwo sakupirira kukuonani muli panja pa dzuwa. Akumakugawanani n'kupita nanu kunyumba. Ndamva kuti ena akumapita nanu mpaka kudimba."

Mfumu inapukuta msozi. Kenaka inalamula kuti chikwangwani chachitatu chiimikidwe pa mizati yachitsulo yothiridwa simenti, ndipo chikhale ndi mlonda, kuti chikondi cha anthu chizichitika mwadongosolo.

Tsiku lofunsira ntchito ya ulondayo, mzere unayambira pa mwala wa maziko, n'kudutsa msika wonse, n'kukathera kusiteshoni ya sitima imene sitima inasiya kuimapo. Makonde a masitolo anakhala opanda munthu koyamba m'zaka khumi ndi zinayi, ndipo wojambula wa unduna anawajambula ngati umboni wakuti ulova watha. A Kalankhule sanavutike kufunsa aliyense. Anati ntchito yolonda nkhope ya mfumu ifuna munthu wokhulupirika, ndipo anatsegula lipoti la Oyeza, n'kuwerenga dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Lolemba lotsatira Mayi Nasibeko anadikira alamu awo pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa litakwera. Atatopa ananyamula dengu, m'kati mwake muli sowo yodulira zitsulo atakutira ndi chitenje, n'kulunjika kumsika. Anawapeza a Kadzombe atakhala pampando pansi pa chikwangwani chatsopano, atavala yunifolomu ya khaki yowakulira, chibonga chili pamiyendo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka bwino, alamu, kaya inu. Mwafika pa malo a boma, muime kuseri kwa mwalawo."

"Yunifolomu yakukhalani. Mukuoneka ngati thumba la makala losadzaza."

"Lidzaza, alamu. Akuti pakutha pa mwezi."

Mayi Nasibeko anatula dengu, n'kuyang'ana m'mwamba. Lata lachitatulo linali lokongola kuposa awiri oyamba aja. Anachita kumeza malovu.

"Kumwambaku kukuoneka ngati kubwera kamvulumvulu."

"Abwere. Andipeza."

"Filimoni afika Loweruka. Ndinamuuza kuti ntchito ilipo. Lufeyo nayenso wayankha."

A Kadzombe anayang'ana dengulo, n'kuyang'ana manja awo.

"Alamu, ndakhoma zidebe zaka makumi atatu, sindinalandirepo malipiro odziwika tsiku lake. Mkazi wanga kunyumbaku wayamba kale kundipatsa madzi osamba otentha. Ichi chikagwa, ine ndagwa nacho."

"Ndiye mungandigwire ine? Mkazi wa mng'ono wanu?"

"Ndikugwirani, alamu. Mwaulemu wonse, ndi manja awiri."

Mayi Nasibeko anaganiza za Filimoni ndi njinga yobwereka, za Lufeyo ndi ana ake kuminda ya fodya, za nyundo zitatu zimene zinali pansi pa mango. Anayang'ananso mdala uja m'yunifolomu yake, amene tsopano anali munthu yekhayo wolembedwa ntchito m'tauni yonse ya Tadikira. Anawerama, n'kukonza chitenje kuti sowo isaonekere, n'kusenza dengu.

"Ndiwatumizira uthenga kuti asabwere," anatero. "Koma kolala yanu yapindika. Ikonzeni, mukuchititsa manyazi mfumu."

Anayenda mapazi makumi awiri, n'kufika pakhonde la sitolo. Amuna aja anasuntha osafunsidwa, ndipo mmodzi anapukuta fumbi pa simenti ndi chipewa chake. Kuchokera pamenepo chikwangwani chimaoneka bwino kwambiri.

Mwezi womwewo ku Lonjezo kunachitika phwando. A Kalankhule anauza bwalo la mfumu kuti ntchito ya ku Tadikira yayenda monga mwa dongosolo: ntchito zayamba kufika, ndipo mazana anayi ndi makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zinayi zili m'njira. Mfumu inawaveka mendulo, n'kulamula kuti chaka chamawa thumba likule kawiri. Madera ena atamva zimenezi anayamba kale kubisa matsache.

Tsono yankho la funso lija ndi ili: ndi munthu mmodzi, a Kadzombe, ndipo ntchito yawo ndi kulonda chikwangwani.